Kachipewa ka pa Maŵa

Dario ndi mkazi wake Elsa ankasamala pulogalamu ya pa kompyuta imene eni ake anali kutali kutsidya kwa nyanja. Ntchito yake inali kusunga mbiri ya chilichonse chimene munthu wasintha m'mafayilo ake: wasintha ndani, liti, chifukwa chiyani. Eni akewo anaipangira makina awo okha. Awiriwa, ali m'kanyumba kawo ku Chitakale pa malo a kwawo kwa Elsa, ndiwo ankaisokerera zigamba kuti iziyendanso pa makompyuta okalamba a kuno, aja amayamba atsokomola kaye asanayake. Eni ake akatulutsa yatsopano, iwo ankamatanso zigamba zawo chimodzichimodzi. Wowathokoza panalibe.

Chigamba chimene Elsa ankanyadira chinali cha chilembo cha ŵ. Pa makompyuta a kuno, pulogalamuyo ikangoona dzina la fayilo lokhala ndi kachipewa ka pamwamba pa w kameneka, mutu unkaima, fayilo n'kusowa. Dario anati angouza anthu asiye kulemba kachipewako, pajatu ambiri anasiya kalekale. Elsa anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi, ndipo analimbana nalo vutolo mpaka linagonja. Fayilo yoyesera anaitcha "maŵa", pomuseka mwamuna wake amene chilichonse, kaya ndi denga lodontha kaya kukaona odwala, ankati achita mawa. Chigambacho chinalowa m'mbiri ndi dzina la Elsa, pansi pake pali mawu akuti, "Maŵa lija lafika, bambo."

Elsa anamwalira nthawi ya dzinja, minda ya tiyi ili biriwiri, atangodwala pang'ono. Dario anapitiriza ntchito yekha, koma tisanamizane kuti ankachitira chifundo anthu. Nthawi zonse akamamatanso zigamba, dzina la mkazi wake linkadutsa pa sikirini pamodzi ndi chipongwe chake chija, ndipo tsiku limenelo ankadya.

Chaka chitatha, a Jailosi, amalume ake a Elsa, anabwera kuchokera ku Thuchila. Anakhala pakhonde, nafunsa za mvula, kenako anafika pa nkhani.

"Apongozi, mwalira mokwana. Loweruka tidzakusudzulani, mukhale mfulu."

Dario anathokoza mwaulemu. Ufuluwo sanaupemphe, koma mkamwini sayankha zotero.

Sabata yomweyo eni pulogalamu anatulutsa yatsopano. Vuto la ŵ anali atalikonza okha, mwa njira yawo, mkati mwenimweni. Dario atamata chigamba cha Elsa, chinakana. Anachikakamiza, ndipo mafayilo a kachipewa anayambanso kusowa, ulendo uno chifukwa cha chigamba chomwecho. Analembera eni ake kupempha kuti mwina atchuleko dzina la amene anayamba kuliona vutoli. Anamuyankha mokoma kwambiri, akupepesa kuti chigambacho iwo sanachionepo, ndipo wokonza zawozo ndi munthu wina. Uku mphunzitsi wina wa ku boma ankangoimba foni kufunsa kuti yatsopano ituluka liti, ana akudikira.

Njira inali imodzi. Kusunga chigambacho kunali kuwonongera anthu ntchito zawo, zimene Elsa sakanamukhululukira. Kuchichotsa kunali kuti dzina lake lisadzadutsenso pa sikirini.

Lachisanu masana anachichotsa. Sizinavute n'komwe, anangodina kamodzi. Kenako anayatsa mayeso oona ngati zonse zikuyenda, ndipo anadzipeza akupemphera pemphero lochititsa manyazi, loti china chake chilephere, kuti pakhale chifukwa chomubwezera Elsa pamalo pake. Mizere ya mayesowo inayenda pa sikirini, yonse yobiriwira, kusonyeza kuti palibe chalephera. Womaliza unali wa kafayilo kaja: maŵa, zili bwino. Zinali bwino popanda Elsa, ndipo zinamupweteka kuposa tsiku la maliro.

Akadali chiyang'anire, foni inalira. Anali a Jailosi.

"Apongozi, ndimati ndikukumbutseni. Musaiwale, ndi mawa."