Mfumu Yakuda Ikuthawabe

Chitulukireni kuchipatala atadwala sitiroko, bambo ena ake ankakhala pakhonde m'mawa uliwonse ndi bolodi la tchesi ndi nyuzipepala. Adokotala ndiwo anati masewerawo adzutsa mutu. Patsamba lomaliza pankakhala funso la tchesi: tizidutswa toyera tiyende kawiri, mfumu yakuda isowe kothawira. Kale, akuphunzitsabe masamu, mafunso otere ankangowamwa ngati madzi.

Mkazi wawo tchesi sankaidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti funso likatheka bambowo ankaimba likhweru, iye mtima n'kukhala pansi. Koma tsiku limenelo dzuwa linafika pamutu pakhonde pali zii. Anasiya zochapa m'beseni n'kukasuzumira.

Anawapeza thukuta lili kamukamu, dzanja lawo lodwala lili pamwamba pa bolodi.

"Hatchi ikapita uku, mfumu ithawira uku," ankatero okha. "Ikapita uku, ithawira uku."

Mayiyo anakumbukira za sitiroko ija. Tsiku limene anagwa lija anayambanso chonchi, kubwereza mawu amodzimodzi mpaka pakamwa panapotoka.

"Abambo, tapumani kaye."

"Palibe yankho apa! Alemba zabodza anthu awa!" Anamenya tebulo, tizidutswa n'kumwazika pansi. Kenako anamuyang'ana ndi maso amene sanawaonepo, maso a mwana wosochera pamsika. "Mayi, ndiuzeni zoona. Zimene ndikulankhulazi zikumveka? Kapena mutu wanga watha, inu mukungondibisira?"

Mayiyo anathamangira foni, sopo ali m'manja, n'kuimbira mlamu wake, mng'ono wa bambowo, amene anali ndi galimoto.

"Alamu, fulumirani, zayambiranso!"

Mlamuyo anafika wefuwefu, injini osazimitsa. Koma bambowo anagwiritsa mpando.

"Sindikwera mpaka uone funso ili."

Mlamuyo, amenenso ankasewerako, anatola tizidutswa n'kutiyala monga munali m'nyuzipepala. Anayang'ana, nakanda mutu, nakoka mpando.

"Alamu!" mayiyo anakuwa. "Munthu akufa, inu mwakhala pansi?"

"Pang'ono, alamu." Anajambula funsolo pafoni yake, pomwe panali pulogalamu ya tchesi. Mayiyo maso anali pakamwa pa amuna ake, kudikira kuti papotoke. Anapempherera mumtima, mawu osalumikizika.

"Achimwene," mlamuyo anatero potsiriza, "makinawa akuti n'zosatheka. Mfumu ikuthawadi. Osindikiza ayenera kuti anaiwala kachidutswa kena."

Bambowo anaphimba nkhope ndi dzanja labwinolo, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Sizinadziwike ngati akuseka kapena akulira.

"Ndiye ndili bwinobwino?"

"Muli bwino kuposa wolemba nyuzipepalayo."

Mayiyo sanakhutire. Anawakankhira onse awiri m'galimoto, ulendo wa kuchipatala. Namwino anawayeza, kuwauza kuti akweze manja, amwetulire, atchule tsiku. Zonse anakhoza. Magazi okha ndiwo ankathamanga mopitirira, ndipo anawapatsa mpando kuti apume asanabwerere.

Pobwerera bambowo pakamwa sipanatseke. Akonzi a masiku ano ndi aulesi, amenewa ofunika kuwakoka makutu, munthu angafe ndi funso lopanda mutu. Mlamuyo ankangovomera, akuseka.

Mayiyo anakhala kumbuyo. Ankamvetsera liwu lililonse, mmene likutulukira, ngati lilime silikulemera. Atafika pachipata cha kunyumba m'pamene anaona kuti wayenda ulendo wonsewo atavala nsapato kuphazi limodzi, linalo patapata.