Dzimbiri la a Dalaivala

Kansalu kanali konyowa pang'ono chabe. Mayi Sopo anali atakafinya kawiri, monga ankachitira kuntchito akamapukuta mathebulo a mabwana, ndipo anangokadutsitsa kamodzi pamsana pa injini ya sitima yachidole ija. Atayang'ana kansaluko anapeza kada bii. Atayang'ana injiniyo, yomwe kutalika kwake sikunkaposa phazi la munthu, anaona mzere wa penti yobiriwira ukunyezimira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mwaye, dzimbiri ndi fumbi zimene amuna awo anakhala akupakapo kwa miyezi isanu ndi itatu zinali zitatsalira pakansalu.

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Koma dzanja limene lapukuta zinthu za eni kwa zaka makumi atatu silidikira kuti mutu ulilamule. Linabwerera lokha kuti likasalaze m'mbali mwa mzerewo, likasalazenso mbali inayo, ndipo pamene mayiwo ankati aime, theka la injini linali mbee. Anakhala pampando wa amuna awo. Linali Lolemba masana, ndipo eni ake injiniyo ankatuluka m'chipatala Lachisanu.

Amuna awowo, amene msewu wonse unkawatcha a Dalaivala, anayendetsa sitima za katundu mpaka kupuma pantchito. Anzawo atapuma ankaweta nkhuku, kapena kukhala pakhonde n'kumakangana ndi wailesi. Iwo anatenga chipinda chakumbuyo, n'kukhoma matabwa kuzungulira makoma, n'kumangapo dziko lawolawo: tinjanji toyendera magetsi, siteshoni ya makatoni, mlatho, mapiri a manyuzipepala onyika m'guluu, udzu wa utuchi wopaka penti. Zonsezo Mayi Sopo anazipirira. Chimene chinkawapweteketsa mutu n'chakuti bambo wamkulu, wa imvi zake, ankagula kasitima katsopano koyera bwino, n'kukhala pansi mwadala kuti akadetse. Ankapera choko chamitundumitundu pa sandipepa n'kumatola ufawo ndi kabulashi kosongoka, apa dzimbiri, apa mwaye, apa madontho a oyilo. Akafunsidwa ankayankha kuti sitima yoyera ndi yabodza, yeniyeni imaoneka kuti yagwira ntchito. Mayiwo ankati nawonso amagwira ntchito, koma amasamba.

Dzina la Sopo linachokera kwa anzawo a bambowo okonda masitima, amene ankati mayi akadzangolowa m'chipinda chija dziko lidzatha. Lamulo linali loti tsache lizithera pakhomo. Chimene madoda aja sankadziwa n'chakuti mayiwo anakhala akupukuta masitimawo mobisa kwa zaka zisanu ndi chimodzi, bambo akapita kokameta, popanda chochoka. Nanga fumbi lenileni ndi fumbi lopaka angazisiyanitse ndani kuposa iwo? Sankadziwa kuti chinkawapulumutsa ndi vanishi, imene bambo ankapopera pomaliza kuti ufa uja ugwire. Injini iyi inali isanapoperedwe. Chitini cha vanishi chinali pomwepo pathebulo, chivundikiro chili pambali, monga chinasiyidwira tsiku limene a Dalaivala anagwa ndi sitiroko.

Ndipo sinali injini wamba. Inali chifaniziro cha injini imene anayendetsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, imene ogula zitsulo zakutha anadzaidula zidutswazidutswa. Banga lililonse analitenga m'mutu, poti chithunzi chojambula analibe. Tsopano mutuwo ndi umene unali pavuto. Masabata asanu ndi limodzi a m'chipatala anabweza mwendo pang'ono ndi mawu ochepa, koma munthu amene anadzuka pabedipo anali wina: waulemu, wofatsa, womwetulira aliyense wowapatsa madzi. Bambo amene pa ukwati wonse sananenepo zikomo chifukwa cha tiyi tsopano ankathokoza ngakhale wowakonzera pilo. Akazi awo ankawaitana kuti mayi, koma anamwino onse ankawaitananso chimodzimodzi. Dokotala ananena kuti akafika kunyumba awaonetse chinthu chimene ankachikonda kwambiri, chimene manja awo anachizolowera, mwina chingawatsegule m'mutu. Sanalonjeze kanthu. Koma Mayi Sopo analandira mawu amenewo ndi manja awiri, n'chifukwa chake analowa m'chipindamo ndi kansalu, kuti bambo adzapeze zonse zili bwino.

Lachiwiri ataweruka anapita kwa a Mawotchi, mnzawo wa bambo, amene kashopu kawo kokonzera mawotchi kanali kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja ya pafupi ndi depoti ya mabasi. Anamasula injini m'thawulo n'kuiika pakauntala. A Mawotchi anavala kagalasi kawo ka diso limodzi, kuyang'ana, kuvula, kuvalanso. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa. Anati kudetsa akhoza kudetsa, koma ituluka injini yawo, osati ya mnzawo, chifukwa injini yeniyeniyo iwo sanaionepo ndi maso.

"Inu ndiye munaiona, alamu," anatero.

"Ine ndinkangoona ovolosi yawo basi."

"Ndiye yambirani pa ovolosipo."

Anawafotokozera kuti ayambe atsuka yonse, asasiye theka, kenako azipaka ufa pang'onopang'ono, wochepa kuposa umene mtima ukufuna, ndipo asaiwale kuti mvula imatsikira pansi, utsi umapita kumbuyo. Mayi Sopo anabwerera kunyumba ndi mkwiyo umene unalibe poutula. Zaka zonsezi akulimbana ndi litsiro la anthu, lero kuukalamba akuphunzitsidwa kulipanga.

Masiku amenewo anali atatopa kale mpaka m'mafupa. Kukamacha ankakhala ali kale m'basi. Ankakolopa nsanjika zinayi za maofesi, kutaya mabini, kukwecha zimbudzi, kutsuka makapu amene anthu ophunzira amawasiya ndi tiyi wadzulo. Masana ankathamangira kuchipatala kukadyetsa bambo ndi kutenga zochapa. Akafika kunyumba, msana unkapempha bedi. Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa kutali, ankaimba foni tsiku lililonse kuwauza kuti azipuma, ngati kuti kupuma kumatumizidwa pafoni. Atamva za injini anati bwanji osangoibisa, adadi sakadziwa n'komwe. Mayiwo anadula foniyo, chifukwa mawu akuti sakadziwa ndi amene ankawaopa kuposa onse.

Ulendo woyamba woidetsa, Lachiwiri lomwelo dzuwa likadalipo, injini inatuluka ngati yagwera m'ngalande. Anaitsuka. Ulendo wachiwiri dzimbiri linachuluka mpaka linakwera pamagalasi. Anaitsukanso, uku akuitukwana, iyo ndi eni ake omwe, amene anasankha kugwa asanapopere vanishi.

Lachitatu anakhala nthawi yaitali kabulashi kali m'manja osakagwiritsa ntchito. Kenako anadzifunsa funso limene ankadzifunsa akalowa mu ofesi yachilendo: kodi litsiro la muno likubisala pati? Pamenepo zinthu zinayamba kuyenda. Litsiro ankalidziwa bwino, ndi khalidwe lake lomwe. Silikhala paliponse ayi. Limakonda m'makona, kuseri kwa mabauti, m'mipata momwe nsalu ya munthu waulesi sifika. Pamene anthu amagwira tsiku ndi tsiku pamakhala posalala, ndipo pamene amaponda penti imatha pakati, m'mbali n'kutsala. Choncho anasiya zogwirira za pakhomo la dalaivala zikuwala, n'kudetsa kumapeto kwake kokha.

Ndiye ovolosi ija inabwera m'maganizo. Zaka zonse mkono wakumanja ndi umene unkada pachigongono, chifukwa bambo ankatsamira pazenera. Ndiye kuti pansi pa zeneralo penti inali yopukutika. Anapukutapo ndi kathonje. Pabondo lakumanzere pankabwera oyilo wakuda, wosamva sopo, amene anawathera zikhadabo. Bambo ankati pali paipi imene imadontha pafupi ndi sitepe yachiwiri, ndipo amakaniko anailephera mpaka injini kufa. Mayiwo anaika kadontho pamenepo n'kukakokera pansi. Anakumbukiranso masiku amene ankawapititsira chakudya kudepoti ya sitima ali ndi mwana kumsana, injini itaima padzuwa ikufuka utsi, mzere wa dzimbiri ukutsika kuchokera pa nyali yakumanzere. Anadabwa kuti zonsezi zinali m'mutu mwawo. Ankaganiza kuti injini ija ankangodana nayo, poti inkawalanda mwamuna masiku anayi pa sabata.

Lachinayi a Mawotchi anatseka shopu msanga n'kubwera kudzaona. Anaizungulira ndi kagalasi kawo akupumira m'mphuno, kenako ananena kuti akanakhala kuti sakudziwa akanalumbira kuti ndi dzanja la mnzawo, kupatula mwaye wa padenga umene unachepa. Anatola chitini cha vanishi n'kuyamba kuchikhutchumula kuti apopere. Mayi Sopo anawagwira dzanja.

"Isiyeni choncho, alamu. Eni ake akabwera apezapo zolakwika, mukuwadziwa. Mukapopera akonza bwanji?"

A Mawotchi anawayang'ana, n'kubweza chitini pathebulo. Zoona zake, mwaye wa padenga mayiwo anauchepetsa dala. Ankafuna bambo aone, akwinye nkhope, afunse kuti walowa muno ndani. Mtima wawo unkalakalaka kukalipiridwa, ndipo zimenezi sakanatha kuuza munthu.

Lachisanu galimoto inawatula pakhomo dzuwa litangopendeka. Mayi Sopo sanadikire kuti bambo apume kapena amwe madzi. Anakankha chikuku chimene bambo anakhalapo kudutsa pabalaza, kuchikhotetsa m'kolido, gudumu n'kukanda khoma limene anali atalitsuka dzulo lake, mpaka m'chipinda chakumbuyo. Anayatsa magetsi a njanji. Tinyali ta pasiteshoni tinayaka, kasitima konyamula anthu kanayamba kuzungulira, kulowa m'phiri, kutulukira pamlatho. A Dalaivala ankakatsatira ndi maso, akumwetulira kumwetulira kuja kwa m'chipatala. Anati n'zokongola kwambiri, ana a pakhomo pano ali ndi mwayi.

Mayiwo anapita pathebulo. Ananyamula injini ija n'kuiika pamiyendo pa amuna awo, pamwamba pa bulangete.

"Iyi mukuidziwa, bambo?"

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lakumanzere, lomwe linatsala ndi mphamvu, linaitembenuza, chala n'kuima pafupi ndi sitepe yachiwiri, pa kadontho ka oyilo kaja. Kenako mawu a Mayi Sopo anangotuluka okha, onse pamodzi: kuti analowa muno ndi kansalu, kuti anakhala akulowa zaka zonsezi bambo akapita kokameta, kuti anafafaniza ntchito yawo ya miyezi isanu ndi itatu, ndipo zimene akuonazi n'zabodza, anapaka ndi iwowo. Ananena mokweza, mawu a munthu woputa ndewu, n'kudikira.

A Dalaivala anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Anayang'ana chala chawo, chimene chinali chitada ndi ufa, n'kuyang'ananso injini. Ndiye anakoka ngodya ya bulangete, n'kupanikiza injiniyo pamimba ndi mkono wakufa uja, n'kuyamba kupukuta. Anapukuta mosamala, padenga, m'mbali, pansi pa zenera, pa nyali, lilime litatuluka pang'ono pakona ya mlomo. Mayi Sopo akanatha kuwagwira dzanja, koma analibenso mphamvu. Anangoima atatsamira chikuku, kasitima konyamula anthu kakuzungulirabe kumbuyo kwawo.

Atamaliza anaikweza ili mbee n'kuwapatsira, nkhope ili yosangalala.

"Inada kwambiri, mayi," anatero. "Ndakuthandizaniko. Mukuoneka otopa."

Mayi Sopo anailandira n'kuthokoza. Anaiika panjanji, anazimitsa magetsi, kenako anachotsa bulangete lija pamiyendo pa amuna awo n'kukalinyika m'beseni.