Chifuwa cha Davide ndi Foni ya a Dorika

Davide anasiya kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu Loweruka, ndipo amene anachititsa anali mayi wopemphera kuposa onse m'mudzimo. Sanali mfiti, sanali chidakwa. Anali a Dorika, mayi wamasiye amene sanajombepo ku kalasi ya Baibulo chiyambire.

Kalasiyo inali ya akuluakulu okhaokha. Inkakumana Lachitatu masana m'chipinda chakale cha sukulu ya mishoni, cha njerwa zofiira, m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira. Ankaphunzitsa ndi a Howard, mphunzitsi wopuma pantchito. Anthu ake anali khumi ndi anayi: asodzi, amayi oyanika usipa, ndi telala mmodzi. Phunziro likatha panali mwambo umene onse ankaukonda, wotchedwa kutula katundu. Wokhala ndi chomuvuta ankaimirira n'kuuza anzake, iwo n'kumupempherera.

Lachitatu lina anaimirira Hana, mkazi wa Davide, mwana wake Tiyanjana ali kumbuyo. Anayankhula motsitsa mawu. Anati mwamuna wake amupeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo patha masabata atatu akumwa mankhwala. Anati Davide sakufuna kuti anthu adziwe, koma iye mtima walema, wasowa poutulira. Anamupempherera, ena akupukuta misozi.

Mawu amenewo anawalasa a Dorika pachilonda. Amuna awo, a Maurice, anapita ndi chifuwa chomwecho zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anatsokomola miyezi isanu akunama kuti ndi fumbi la mumsewu, nsanza za magazi akuzibisa kuseri kwa nkhokwe. Pomwe ankawakweza pa lole kupita kuchipatala n'kuti atatsala mafupa okhaokha. Chiyambire tsiku limenelo a Dorika ankadana ndi chinsinsi ngati njoka. Kwa iwo, kubisa matenda ndi kumene kunawavalitsa zakuda.

Ndiye asanafike n'komwe kunyumba anaima pansi pa mtengo wa bwemba n'kutulutsa foni. Kulemba kunkawachedwetsa, choncho anajambula mawu n'kutumiza ku gulu la amayi a mpingo pa Watsapu. Anatchula dzina la Davide, la mkazi wake, ndi bwato limene amagwiramo ntchito, kuti opemphera asasokoneze munthu. Anapempha kuti onse asale kudya Lachisanu. Atatumiza anamva mtima kupepuka ngati agwira ntchito ya Mulungu.

Koma uthenga wa pafoni ulibe chivundikiro. Pofika Lachisanu unali utafika kudoko, ndipo m'njira unali utanenepa. Ena ankati Davide akusanza magazi. Ena ankati si chifuwa chokha, pali zina zimene akubisa. Anzake a m'bwato anakana kukhala naye pafupi. Che Ibrahimu, mwini bwato, sanali munthu woipa mtima, koma anaopa kuti antchito onse amuthawa. Anamuuza Davide kuti ayambe wakhala kunyumba. Ogula usipa nawo ankalambalala thandala la Hana, ngati kuti nsomba zimatsokomola.

A Dorika sanadziwe zonsezi mpaka Lolemba, pamene anakumana ndi Hana pamjigo. Hana sanawapatse moni. Anatula ndowa yake pansi n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Amayi, ine ndinatula katundu wanga m'nyumba ya Mulungu, inu mwakamumwaza pamsika. Bambo a Tiya aponya mankhwala padenga. Akuti kuchipatala sapondakonso kuti anthu aziwaloza. Akuti awachiritse ndi mapemphero anuwo. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Ndiye kupempherera munthu kwasanduka mlandu?" anatero a Dorika.

Hana anasenza ndowa yake isanadzaze n'kumapita.

Lachitatu kalasi inakumana, malo a Hana ali opanda munthu. A Howard anaphunzitsa za anthu anayi aja amene ananyamula mnzawo wofa ziwalo pa mphasa, nasasula denga kuti amufikitse pamene panali thandizo. Sanatchule dzina la munthu aliyense. Anangofunsa ngati anayi aja anayamba azungulira mudzi kulengeza kuti mnzawo wapuwala, kapena anangogwira ngodya za mphasa.

Itafika nthawi yotula katundu, a Howard anadikira. Palibe anaimirira. Ngakhale telala, amene sabata iliyonse ankadandaula za mwana wake wa ku Joni, anangokhala akukanda chala. A Dorika anaona maso a anthu akupita pa foni imene inali pa chitenje chawo, kenako n'kuthawira pansi. Anthu khumi ndi atatu anabwera ndi mavuto awo, nabwerera nawo osawamasula. Zimenezi zinawaluma a Dorika kuposa mawu a Hana, komabe mumtima ankadziuza kuti wolakwa ndi Davide ndi manyazi ake opusa.

M'mawa mwake anapita kwa a Ajira. A Ajira anali mlangizi wa zaumoyo, Msilamu, ndipo nyumba zawo zinkalekana ndi mpanda umodzi wa bango. Zaka khumi akubwerekana mchere ndi sefa. A Dorika anawapeza akupopa njinga, ndipo sanazungulire. Anawauza kuti apite kwa Davide akamukakamize kumwa mankhwala, ngati n'kotheka atenge apolisi.

"Aneba, za amene akudwala ndi amene sakudwala sindingakambe nanu," anatero a Ajira. "Ntchito yanga sindilola, ngakhale mukanakhala mayi anga ondibereka. Koma khalani pansi, ndikumvetseni kanthu."

Anatulutsa foni yawo n'kudina. A Dorika anamva mawu awoawo akutuluka m'foni ya Msilamu amene sanali pa gulu la amayi a mpingo. Anamva akutchula dzina la Davide kawiri, momveka bwino ngati wolengeza maliro. A Ajira anati uthengawo anawatumizira mlamu wawo wa ku Namwera, akufunsa ngati nsomba za kudoko lino zili bwino kudya.

"Ku Namwera," anatero a Dorika.

Pamenepo a Ajira anawafotokozera zimene amauza munthu aliyense. Chifuwa chachikulu chimachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Chimayenda ndi mpweya munthu akamatsokomola, makamaka m'nyumba yotseka mawindo. Sichiyenda pa mbale, pa kapu kapena pa usipa. Munthu akamwa mankhwala mwandondomeko masabata angapo, sakhalanso woopsa kwa anzake. Woopsa ndi amene akutsokomola osakayezetsa. Koma mankhwalawo amafuna miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Wosiyira panjira, matenda amabwerera atakhwima, ndipo mwina mankhwala oyamba aja sagwiranso ntchito.

"Odwala ambiri amene ndawataya pa ntchito ino sanathawe mapiritsi," anatero a Ajira. "Anathawa maso a anthu. Munthu akadziwa kuti nkhani yake ili pamalo abwino, amabwera yekha. Akamva kuti ili pamsika, amakabisala."

A Dorika anaganiza za a Maurice ndi nsanza zawo kuseri kwa nkhokwe. Zaka zonsezi ankawatukwana mumtima kuti anali munthu wouma mutu. Sanadzifunsepo kuti kodi bambo aja ankaopa pakamwa pa ndani. Funsolo linawakhala pachifuwa ngati mwala.

Anatulutsa foni yawo n'kunena kuti ajambula uthenga wina, auze dziko lonse kuti Davide sangapatsire munthu. A Ajira anawagwira dzanja.

"Mwayambanso, aneba. Nkhaniyi mwini wake alipo, ndipo ali ndi pakamwa. Kamufunseni."

A Dorika anamupeza Davide atakhala pakhonde dzuwa lili pamutu, nthawi imene amuna anzake anali kudoko akusoka maukonde. Atawaona akulowa pabwalo anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Hana, bweretsa mpando. Wailesi yafika, timve nkhani za masana."

A Dorika anaukana mpandowo. Anakhala pansi, pa dothi, mayi wamkulu pamaso pa mwana amene anamuona akukwawa. Kupepesa sankakudziwa bwino, choncho anangonena mosapsatira. Anati analakwa. Anati nkhaniyo sinali yawo, anaiba, ndipo dzina la Mulungu analigwiritsa ntchito ngati thumba lobera. Kenako anamuuza za a Maurice zonse, mpaka za lole ija, zimene anali asanauzepo munthu ngakhale m'kalasi.

"Undikwiyire mpaka ndikalowe m'manda, sindidandaula. Koma ukafa iwe, Davide, amene anakuseka kudoko adzadya pamaliro pako n'kubwerera kwawo. Wotsala ndi chitenje chakuda ndi Hanayu. Ine ndikuchidziwa kulemera kwake. Tsitsa mankhwalawo."

Davide anayang'ana padenga. Anatsokomola, natembenukira kumbali, nabisa pakamwa ndi mkono. Tiyanjana anali akusewera ndi chigoba cha nkhono pafupi ndi mapazi ake. A Dorika anafuna kuwonjezera mawu ena, koma anadziluma mlomo. Anangofunsa kuti iye akufuna chiyani.

"Ndikufuna malo anga m'bwato," anatero Davide. "Ndipo foni yanuyo isatchulenso dzina langa, ngakhale pondiyamikira."

Anagwirizana kuti Lachisanu Davide abwerera kuchipatala kukanena chilungamo kuti wadumphitsa masiku asanu ndi limodzi, adokotala aone chochita. Anavomeranso kuti a Ajira akayankhule ndi Che Ibrahimu, koma iye mwini ali pomwepo. A Dorika anadzipereka kumuperekeza kuchipatala. Davide anakana. Zinawapweteka, koma anameza. M'malo mwake anakhala tsiku lonse pa thandala la Hana, akutembenuza usipa ndi kuingitsa akhwangwala, kuti Hana apite ndi mwamuna wake, iye ndi mwana akayezedwenso. Anthu odutsa ankawafunsa kuti eni ake apita kuti. A Dorika ankangoyankha kuti atuluka. Mawu amodzi okhawo anawalemera kuposa kusala kudya.

Kuchipatala anamudzudzula Davide, koma anamuuza kuti wabwera nthawi yabwino, napitiriza mankhwala. Hana ndi mwana anapezeka ali bwino.

Sabata yotsatira a Ajira anapita kudoko ndi Davide. Anthu a m'bwato anasonkhana pamthunzi, ndipo a Ajira anabwereza zomwe anauza a Dorika. Anawonjezera kuti aliyense amene watsokomola masabata awiri akapereke makhololo kuchipatala. Che Ibrahimu anamvetsera akusisita ndevu, kenako analoza mmodzi wa amene anakana kwambiri kukhala pafupi ndi Davide.

"Iwe wakhala ukukhosomola chichokere Ramadani, ndipo sunapondeko kuchipatala. Ndiye tinachotsa womwa mankhwala n'kusunga iwe? Mawa upite, ndikulipirira kabaza."

Anthu anaseka. Adokotala atavomereza, Davide anabwerera m'bwato.

Ku kalasi, a Dorika anaimirira pa nthawi yotula katundu, ali oyamba kuimirira patatha masabata atatu a chete. Anati katundu wawo ndi lilime lawo. Anapempha kuti kalasi iike lamulo: zonenedwa m'chipinda muno zitsale muno, ndipo wofuna kupempha ena kuti apempherere munthu ayambe wafunsa mwini wake. Akakana, pempherani osatchula dzina, poti Mulungu sasowa adiresi. A Howard analemba lamulolo ndi choko pamwamba pa bolodi. Telala anapempha kuti mafoni azisiyidwa m'dengu pakhomo, ndipo foni yoyamba kugwera m'denguyo inali ya a Dorika. Hana anabwerera patatha mwezi. Anakhala kutali ndi a Dorika. Chikhululuko sichithamanga ngati uthenga wa pafoni.

Miyezi itakwana, Lachitatu lina masana, pakhomo pa kalasi panaima Davide, atadzaza masaya, atavala malaya a Lamulungu. Sanali wa kalasiyo. Anapempha a Howard mphindi ziwiri. Anati iye ndi Davide, anadwala chifuwa chachikulu, wamaliza mankhwala, ndipo adokotala amuyeza n'kunena kuti wachira. Anati amene akutsokomola asachite mantha, abwere adzamufunse njira. Kenako anayang'ana a Dorika.

"Amayi, izi ndanena ndekha. Izi zokha mukhoza kutumiza mpaka ku Namwera."

A Dorika sanaseke nawo anzawo. Anaweramitsa mutu, nagwira mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri. Hana ananyamuka pamalo pake n'kudzakhala pambali pawo.

Inu amene mumakumana m'makalasi a mpingo, m'magulu a amayi ndi m'misikiti, imvani. Matenda a munthu ndi nkhani yake, wonena ndi mwini wake. Kuulula chinsinsi cha mnzako n'kumati ndi pemphero, ndi miseche yovala yunifolomu ya mpingo, ndipo imapha. Mnzanu akakuuzani kuti akudwala, tsekani pakamwa, tambasulani manja: mulimbikitseni kumwa mankhwala mpaka amalize, mumuyang'anire ntchito yake akapita kuchipatala. Ndipo inu mukatsokomola masabata awiri, kayezetseni. Chifuwa chachikulu chimachizika.