Mzinga wa Ramadani

Wickson anaima pakhomo la ofesi yothandiza ophunzira omwe kale anali asilikali, dzanja lili m'mwamba, koma kugogoda kunamukanika. Chitseko chimenechi anachinyoza chaka chathunthu.

Iye ndi Lemmy, mnzake wa ku Chipata, ankalondera pahotela ina, ndipo masana ankaphunzira pakoleji yaing'ono pafupi ndi dera la Al Asmakh, mumzinda wina wa kwa Aluya, kuti tsiku lina adzavule yunifomu yaulonda. Wickson anamvapo fungo la wonga ku Congo, Lemmy ku Sudan. Nkhani imeneyo sankaikamba.

M'mwezi wa Ramadani, dzuwa likangolowa, mumzindamo amawomba mzinga kuti osala amasule. Lemmy ndiye anayamba kudandaula.

"Mudala, akuti ku office kuja amapereka room ya phee yolembera ma-exam. Mzinga uja umandibalalitsa mutu."

Wickson anaseka mpaka kugwira nthiti. "Sajeni wathunthu kuopa belu la chakudya? Pita, akakutenge ngati wamisala. Contract yako khalas, yathera pompo!"

Pakamwa pa Wickson panalibe mlonda, chikhalirecho mwini wake ulonda ndiyo inali ntchito yake. Lemmy anaseka nawo mwamanyazi, ndipo sanakalembetse.

Tsiku la mayeso omaliza anachedwa kuyamba, dzuwa n'kuwalowera akulemba. Mzinga utalira, Lemmy anadzigwetsa pansi, n'kukokera mnzake woyandikana naye kunsi kwa desiki uku akukuwa kuti aliyense agone. Ena anaseka, wina anajambula pafoni. Lemmy anadzuka, anasasa maondo, n'kutuluka osatenga ngakhale cholembera. Ntchito anaisiyanso sabata yomweyo.

Tsopano Wickson anagogoda. Anatsegula Mayi Nuriya, mlangizi wa ofesiyo. Patebulo pawo panali mbale ya zipatso za tende ndi kapu ya madzi.

"Madamu, ndabwerera mnzanga Lemmy. Sangalembenso?"

"Angathe," anatero mayiwo. "Chipinda ndinamusungira kuyambira tsiku limene anadzasuzumira pano n'kubwerera. Koma abwere yekha. Ali kuti?"

Wickson anayang'ana nsapato zake. Ndege ya Lemmy yobwerera kwawo inali itanyamuka m'mawa womwewo. Pabwalo la ndege anangogwirana chanza ngati anthu ongodziwana kutchalitchi. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anagunda chidebecho anali iyeyo.

"Ndinamuletsa ndine," anatero. "Ndinamuseka."

Mayi Nuriya sanamudzudzule. Anayang'ana kuwindo, kumene kuwala kunali kufiira, n'kukalitseka bwinobwino.

"Ine sindiweruka msanga mwezi uno," anatero. "Nthawi ino ndi imene anthu anga amabwera. Khalani pansi, a Wickson."

"Ayi madamu, ine ndili bwino. Ndi mnzangayo amene—"

Mzinga unalira. Ngakhale windo linali lotseka, Wickson anapezeka atagwada, zala zitakanirira mwendo wa tebulo, thukuta lili kamukamu. Umu ndi mmene ankachitira madzulo aliwonse, kungoti ankachitira m'chimbudzi cha koleji atadzikhomera.

Mayiwo anamwa madzi awo mwakachetechete, kenako anamukankhira mbale ya tende. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wickson anali atamva kalekale, koma anachitsekera mnzake.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala pampando umene Lemmy akanakhalapo.