Kumanzere Pang'ono, Achimwene

Chaka chilichonse, chisanu chikangotha, mitengo n'kuyamba kuphukira, achimwene ake a Mzime ankafika pakhomo m'mamawa ndi kagalimoto kawo kokalamba, n'kuliza hutala ngati kwinakwake kwapsa. Ulendo wake unali wokakwera phiri, awiriwiri. Anauyamba mayi awo atangomwalira, ndipo alamu, akazi a achimwenewo, analeka kale kudandaula ataona kuti akungotayapo malovu.

Dzina lenileni Mzime anali nalo, koma poti anabadwa womaliza, palibe ankalikumbuka. Tsopano anali mayi wa mwana mmodzi, woluka tsitsi mu saluni, wa msana wowawa ndi pakamwa posatopa. Achimwenewo anali dalaivala wa basi ya sukulu, basi yomweyo imene kamtsikana ka Mzime kankakwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pampando wa kuseri kwa amalume ake ngati bwana. Kankabwera kunyumba kakudzitama kuti kapambananso masewera a m'basi: amalume amafunsa kuti, "Kutsogolo kuli chiyani?" ndipo woyamba kuyankha amalandira switi. Mzime ankangoti, "Amalume akowo adzakuthera mano m'kamwa."

Kuyendetsa galimoto Mzime sankadziwa, ndipo mlandu wake unali wa achimwenewo. Akapempha kuti amuphunzitse, yankho linali lomwelomwelo: "Uvutikiranji ine ndilipo?"

Tsikulo kunacha bwino, kunja kuli ngwee. Koma anayenda pang'onopang'ono, achimwene atayandikiza nkhope kugalasi, moti njinga yamoto yonyamula mipando inawapitirira pachitunda. Mzime anaseka mpaka misozi.

"Achimwene, tikafika chaka chamawa?"

"Galimoto yakalamba iyi, iwe. Nkhalamba saithamangitsa."

Patsinde pa phiri panali bwalo loimikapo magalimoto ndi kanyumba ka mlonda. Anthu ena anali atayamba kale kukwera. Atamanga zingwe za nsapato, achimwene ananena chinthu chimene sananenepo chiyambire.

"Lero tsogola ndiwe."

Munthu ameneyu kutsogoleredwa? Zaka zonsezi ankathamanga patsogolo ndi miyendo yawo yaitaliyo, Mzime akuwefuka m'mbuyo, akuwatukwana chamumtima.

"Mwadwala?"

"Ndakukweza paudindo. Ndipo vala jekete yofiira ija."

"Kutentha konseku?"

"Vala. Mvula ya kuphiri sichita odi."

Njira inali yosasocheretsa: miyala yopakidwa penti yoyera, apa umodzi, uko wina. Masamba atsopano anali ofiirira, anthete, ndipo timaluwa tachikasu tinali titatulukira m'ming'alu ya miyala. Kamtsinje kamene chaka chatha anakadumpha osanyowa kanali katadzaza, mpaka anavula nsapato powoloka. Achimwene m'mbuyomo pakamwa sipankapuma. Anamuseka mayendedwe, anamukumbutsa tsiku lija analira ataona buluzi, kenako anayamba nyimbo yopanda mutu.

Mtambo unaphimba dzuwa, nyimbo n'kuduka pakati. Mzime anawamva akupunthwa pamuzu, kenako pamwala.

"Nsapato izi," anatero achimwene.

"Nsapato kapena ukalamba?"

Anangopitiriza kukwera. Koma mtambo utadutsa, dzuwa n'kubwerera, nyimbo nayo inabwerera pomwe inalekera. Zinachitika chomwecho kangapo, ndipo Mzime, kupusa kwake, ankangoganiza kuti achimwene ake ayamba kuopa mvula ngati mwana.

Pamwamba anakhala pathanthwe lawo lanthawi zonse n'kutulutsa buledi. Kumusi kunkaoneka minda, madenga onyezimira, ndi msewu wokhotakhota umene anadzera, ukuzungulira m'mphepete mwa chigwa. Achimwene anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mutu pang'onopang'ono kuchokera mbali iyi mpaka inayo, osasiyako kanthu. Mphepo inabweretsa kamvula kowaza, kunja n'kuchita kamdima, ndipo iwo potsanula fulasiki anathira tiyi pathanthwe, kapu ili pambali.

"Mukumwetsa phiri?"

"Nalo lili ndi ludzu."

Kamvulako sikanachedwe. Dzuwa linatuluka laukali, nthunzi ikukwera pamiyala, ndipo Mzime anavula jekete ija n'kuiponya m'chikwama, n'kutsala ndi juzi yotuwa. Achimwene anali atagona chagada, chipewa kumaso, ndiye sanaone.

Chifunga chinakwera kuchokera kuchigwa mosafulumira. Chinameza madenga, chinameza msewu, kenako mitengo ya pafupi, ndipo kuzizira kunabwera nacho limodzi.

"Dzukani, tizitsika. Zaipa izi."

Mzime anatsogola, maso pamiyala yoyera ija, akusimba za kasitomala wina amene anamasulitsa tsitsi lonse litatha kulukidwa, ati mwamuna wake sanalikonde pachithunzi. Anafika pomwe pamafunika kuseka, koma m'mbuyo simunaseke munthu. Anacheuka. Kunali kutayera, palibe achimwene, palibe mtengo.

Anabwerera chothamanga, mtima uli m'mwamba, akuganiza za phompho. Koma anawapeza ali bwinobwino, ataima pakati pa njira, pamalo otakasuka oti ngolo n'kudutsa. Mwala wopaka penti unali pafupi ndi phazi lawo. Manja anali atawatambasulira kutsogolo, zala zikufufuza m'malere.

Mzime anaima patsogolo pawo, chakumbali pang'ono, pafupi moti akanatha kuwakhudza phewa. Achimwene anatembenuzira nkhope mbali ina n'kuitana.

"Mzime! Iwe Mzime!"

Liwu limenelo anali asanalimvepo. Linali laling'ono, lonjenjemera, la munthu wosiyidwa.

"Ndili pano, achimwene."

Anadzidzimuka, n'kutsitsa manja msangamsanga ngati wagwidwa akuba shuga.

"Jekete ija ili kuti? Ndinakuuza kuti uvale."

"Simukundiona?"

"Chifungachi…"

"Ine ndikukuonani mpaka batani la malaya. Achimwene, simukundiona?"

Achimwene anakhala pansi, panjira ponyowapo, ndipo zonse zinatuluka. Zinayamba kale, anatero. Dokotala anawauza kuti si ng'ala ayi, ng'ala amachotsa. Ndi mitsempha ya m'maso imene ikuuma, ndipo youma siibwerera. Mankhwala odontheza amangochedwetsa. Dzuwa likawala amaona, koma ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Kukachita mdima kapena chifunga, bowolo limatsekeka. Tsiku lonseli ankangotsatira chofiira chija.

"Alamu akudziwa?"

"Ayi."

"Kusukulu?"

"Ndiwe woyamba. Ndimati ndikuuze pathanthwe paja, koma dzuwa linawala, ndinaona mpaka madenga, ndiye ndinati mwina dokotala uja anakokomeza."

Mzime anawagwira dzanja. Linali lozizira. Chisoni chinamudzaza, ndipo m'kati mwa chisonicho munatulukira funso loopsa.

"Nanga basi mumayendetsa bwanji?"

"Msewu uja uli m'manja mwangamu. Pokhota paliponse ndimapadziwa, ngakhale dzenje lililonse."

"Munthu wowoloka msewu si dzenje, achimwene. Sakhala pamodzimodzi."

Mzime anamva yekha yankho likubwera asanafunse n'komwe, ndipo analakalaka atatseka makutu.

"Masewera aja," anatero. "A switi aja."

"Ana amaona msanga," anayankha achimwene, nkhope ili pansi. "Wakoyo ndiye saphonya."

Mzime anawataya dzanja lija. Anafuna kuwamenya, anafuna kukuwa kuti phiri lonse limve. Koma umenya bwanji munthu wokhala m'matope, wosaona ndi komwe khofi likuchokera? Ndi munthu yemweyu amene anasiya sukulu kuti iye aphunzire, amene anamuperekeza kuchipatala tsiku lobereka mwamuna atathawa. Anangoima, manja lende, mvula n'kuyamba.

"Usauze munthu, Mzime. Teremu ino ithe kaye. M'mawa kumakhala kowala masiku ano, chisanu chatha. Akandichotsa pachiwongolero ndidzakhala ndani ine? Palibe china ndidziwa."

"M'basimo muli ana a eni."

"Ndikudziwa."

"Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, si inu munkandiuza?"

"Ndikudziwa, ndati!"

Mzime sanalonjeze, sanakanenso. Anatulutsa jekete ija n'kuvala, natenga dzanja la achimwene n'kuligwiritsa lamba wa chikwama chake.

Kutsika kwake kunali kozunza. Mvula inasanduka matalala, timiyala tolasa m'makutu, kenako inabwerera kukhala mvula. Njira inaterera. Mzime ankanena chilichonse: apa pali muzu, apa tsikani, apa pondani pamene ndaponda ine. Achimwene ankamvera ngati mwana wa sukulu, ndipo kumverako n'kumene kunkamupweteka koposa. Kamtsinje kaja kanali katakwiya, madzi ofiira ofika m'mawondo, ndipo anawoloka atakolowekana mikono, nsapato zili kuphazi. Pena dzuwa linasuzumira, achimwene n'kuwongoka, n'kusiya lamba uja.

"Waona? Ndikuona bwinobwino. Mtengo uwo, mwala uwo."

Asanamalize kuloza, mtambo unatseka, ndipo dzanja linabwerera lokha kufufuza lamba.

Anafika pabwalo lija dzuwa litapendeka, ali chinyowere, mano akugundana. Magalimoto onse anali atapita. Mvula inali itathamangitsa anthu kalekale. Kanyumba ka mlonda kanali ndi loko. Mzime anatulutsa foni, anaikweza m'mwamba, anakwera pamwala, anazungulira bwalo lonse. Netiweki kunalibe, ndipo ankadziwa kuti imayambira kumlatho, kumusi kwenikweni, msewu wokhotakhota uja utatha.

"Tidikire kuti kuyere," anatero.

Anadikira m'galimoto, magalasi akuchita nthunzi. Sikunayere. Mitambo inkangotsikirabe, ndipo kudikira kulikonse kunkadya kuwala kochepa kumene kunatsala. Achimwene ankanjenjemera thupi lonse, milomo itatuwa. Kuyenda pansi mpaka kumlatho sakanafika, ndipo kuwasiya okha pamenepo, onyowa chotero, mtima wa Mzime unakana.

"Bweretsani kiyi."

Anasinthana malo. Mzime anakhala pampando wa dalaivala kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Mpando unali kutali, mapazi ake ongokhudza zopondera ndi zala. Zinalipo zitatu, ndipo zonse zinali zofanana. Achimwene anafotokoza: ponda ichi, lowetsa giya, tula phazi pang'onopang'ono. Galimoto inalumpha n'kuzima. Anayesanso, inalumphanso, n'kukaima mphuno itayang'ana kumpanda umene kuseri kwake kunali chigwa.

"Ndinakupemphani kangati kuti mundiphunzitse?"

Achimwene anaseka kaseko kouma. "Ndinkati ndilipo."

Apa ndiye Mzime analira, chipumi chili pachiwongolero, kulira kwenikweni kwa mamina. Achimwene anafufuza mutu wake n'kuusisita, monga ankachitira ali kamwana. Anamusiya alire mpaka atatopa.

"Tuluka," anatero motsitsa. "Kukada tigona pompano, ndipo mwana ali kwa aneba akukudikira."

Anasinthananso. Manja a achimwene atangogwira chiwongolero analeka kunjenjemera. Anakonza mpando, analiza injini, anayatsa magetsi ndi mawaipa, anabweza galimoto m'mbuyo mosalala ngati palibe chavuta. Mzime anapukuta galasi ndi mkono wa jekete, anamanga lamba, n'kugwira chitseko ndi manja onse awiri. Anaganiza za Lolemba: basi yodzaza, zikwama, timiyendo tolendewera m'mipando. Akawaulula, awapha achimwene ake akadali moyo. Akakhala chete, Lolemba m'mawa adzamumangira yekha mwana wake zingwe za nsapato n'kumukweza. Anafufuza njira yachitatu m'mutu monse, osaipeza.

Galimoto inatuluka pageti n'kuloza kumusi. Magetsi ankangowalitsa chifunga. Kumanja, phula likangotha, kunali udzu pang'ono, kenako phompho.

Achimwene anayandikiza nkhope kugalasi. Anakonza kukhosi, ndipo liwu linatuluka lansangala, lozolowera, lija la m'mawa uliwonse.

"Kutsogolo kuli chiyani?"

Mzime m'maganizo mwake anaona kamtsikana kake katakhala kuseri kwa mpando umenewu, katatong'ola maso, kakufuna kupambana.

"Pokhota," anayankha. "Kumanzere pang'ono, achimwene. Pang'ono. Basi, pomwepo."