Kasingano ka M'bango

Namakutu anakhala m'kachipinda kopanda zenera, zomvera zitamufinya makutu onse awiri, chala chili pa batani. Nesi wa pa kachipatala ka kampani anali atamuuza kuti akangomva kulira kulikonse, ngakhale kwapansipansi, adine. Poyamba anadina mwamatama. Kunabwera kulira konga kwa ng'ombe ili kutsidya, anadina. Kunabwera konga kwa njuchi yotsekeredwa m'botolo, anadina. Kenaka kunangoti zii. Anadikira akuyang'ana msomali wokhota umene unali pakhoma, mumtima akuti makina a anthuwa afa basi.

Atatuluka anauza nesi kuti aitane amisiri. Nesi sanaseke. Anamutembenuzira pepala lokhala ndi mizere iwiri imene inkayenda bwinobwino kenaka n'kugwera kuphompho chakumapeto.

"Makina ali bwino, amayi. Ndakulizirani kasanu ndi kamodzi khutu lililonse. Mawu akuluakulu mukumva, koma ang'onoang'ono osongoka aja sakulowanso. Kodi mukamagwira ntchito pafupi ndi makina opopa gasi mumavala zotseka m'makutu?"

"Inu anesi, mungabaye munthu jakisoni mutatsinzina?"

Nesi anamvetsa, koma anamuuzabe zoona zake, kuti khutu likafa motero silidzukanso, ndipo mapepala a onse amene ayezedwa adzapita ku ofesi pakutha pa mwezi.

Ntchito ya Namakutu inali kumvetsera. Kampani itakumba paipi ya gasi kudutsa m'mbali mwa dambo, boma linaipatsa chilolezo chokhala ndi lamulo loti iziwerenga mbalame za m'deralo chaka ndi chaka. Anakhoma zikhomo khumi ndi ziwiri zopaka penti yofiira motsata paipiyo. Pa chikhomo chilichonse munthu ankayenera kuima mphindi khumi m'bandakucha, osatsokomola, osasuntha phazi, n'kulemba pa fomu mbalame iliyonse imene wamva. Iye analowa pakampani ngati wokolopa. Tsiku lina akukolopa anamva katswiri wina wobwera ndi ndege akuliza mawu a mbalame pa kompyuta n'kusokoneza mitundu iwiri, ndipo anamukonza ali chigwirire chikolopa. Dzina la Namakutu linabadwa tsiku lomwelo, ntchito inatsatira pambuyo. Panali patapita zaka zisanu ndi zinayi.

Mwa mbalame zonse, imene inamanga manja a kampani inali imodzi yokha, kambalame kofiirira kosadzaza chikhatho, kokhala m'kati mwenimweni mwa bango pa chikhomo chachisanu ndi chiwiri. Dzina lake la m'mabuku linali lalitali, loluma lilime, choncho iye anangokatcha kasingano chifukwa cha mawu ake opyapyala obaya m'khutu. Kanali kamanyazi ngati mkamwini watsopano. M'zaka zonsezo anakaona ndi maso kawiri kokha. Kankadziwika ndi kulira basi, ndipo chilolezo chinkanena poyera kuti pamene kambalameka kakuswana, khasu la kampani lisakhudze.

Dzinja lina kasingano kanaleka kulira. Namakutu analemba ziro. Dzinja lotsatira analembanso ziro, ndi linanso. Ankaima pa chikhomocho kupitirira mphindi zake khumi, mame atamunyowetsa mpaka m'mawondo, akumva njiwa, akumva achule, akumva kugunda kwa makina opopa gasi kuseri kwa mpanda, kusowa kasingano kokha. Ankakasowa monga umasowera munthu amene anachoka osatsanzika, amene sudziwa ngati umulire kapena umusungirebe mbale. Pa msonkhano wina analoza chala mainjiniya pamaso pa abwana onse, kuwauza kuti phokoso lawo lathamangitsa eni dambo. Iwo anaweramitsa mitu, koma ziro zake anazisunga bwino. Zitakwana zaka zitatu, lamulo linawamasula: paipi yachiwiri inaloledwa kudula pakati pa bango m'malo mozungulira. Mabuludoza anali atafika kale, atandandalika kuseri kwa ofesi, akudikira Lolemba. Tsiku limene anayezedwa makutu linali Lachitatu.

Atafika kunyumba anapeza mwana wake wamkazi, telala, ali pa makina osokera pabalaza, mapini ali kukamwa. Namakutu anaika pepala la nesi pamwamba pa nsalu imene inkasokedwa. Mwanayo analiwerenga, analavulira mapini m'dzanja, n'kunena kuti iye ankadziwa kalekale.

"Ndiye osandiuza bwanji? Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ndikanakutsinani, mukanandiluma. Mukukumbukira mmene munkanenera kuti ketulo inasiya kulira, tigule ina? Imalira, amayi. Imalira mpaka anthu a nyumba inayo amagogoda khoma."

Namakutu anayang'ana ketuloyo pa mbaula ngati yamunenera miseche. Kenaka anafotokoza za bango ndi za Lolemba, kuti mwina kasingano sikanachoke konse, ndi iye amene analeka kukamva. Mwanayo sanachedwe kuyankha. Anati amayi ake sananame, analemba zimene anamva, ndipo palibe khoti limene lingamange munthu chifukwa chosamva. Anati akhale chete, mwezi uthe, pepala likafika ku ofesi mwina adzangowasinthira ntchito mwakachetechete. Koma akapita okha kukanena kuti mafomu a zaka zitatu ndi opanda pake, ntchito yonse ya paipi iima, ndipo abwana akapsa mtima amayamba kuthyola nthambi yapafupi. Anawonjezera kuti mwinanso kambalameko kanapitadi, ndiye munthu angadzivulire yekha ulemu chifukwa cha bango lopanda kanthu.

Mawu omalizawo ndi amene anamukhala Namakutu pamtima. Mwina kanapitadi. Anadzipeza akufuna kuti zikhale choncho, ndipo anachita manyazi ndi kufunako.

Lachinayi m'bandakucha dalaivala anabwera kudzamutenga monga mwa masiku onse. Anthu ankamutcha Mabuleki chifukwa ankaimira nkhuku iliyonse pamsewu. Lamulo linali loti galimoto izizimitsidwa kutali ndi chikhomo, choncho zaka zonsezi iye ankatsala m'galimoto, magalasi atatseka, chipewa chili kumaso. Koma makutu ake ankamva bawuti yomasuka galimoto ili pa liwiro.

Atafika poimika galimoto chakufupi ndi chikhomo chachisanu ndi chiwiri, Namakutu anamuuza kuti atsike.

"Achemwali, nsapato zanga ndi za muofesi izi. Kuli njoka uko?"

"Kuli njoka yaikulu imene imadya madalaivala aulesi. Tsikani, achimwene, mundibwereke makutu."

Mabuleki anamuyang'ana, kenaka anatsika. Anayenda m'kanjira ka matope mpaka pa chikhomo. Kum'mawa kunali kutangoyamba kuyera, nkhungu itagona pa bango. Namakutu anamuuza kuti aime chilili, atseke pakamwa, anene chilichonse chimene angamve kupatula njiwa ndi achule. Sanamufotokozere kuti kasingano kamalira bwanji, kuopa kumuikira mawu m'khutu. Anayang'ana wotchi, kenaka anayang'ana nkhope ya dalaivalayo, poti kunalibenso kwina koti ayang'ane.

Mphindi ziwiri zinatha. Mabuleki anakanda m'khosi. Mphindi yachitatu, nsidze zake zinakwera.

"Pali kena kake kakulira ngati wilibala yosathira mafuta," ananong'ona. "Katatu, kenaka kamapuma. Apo, kayambanso."

"Kuti?"

Analoza ndi chala kumanzere, pamene bango linali lowirira kwambiri. Kenaka chalacho chinasuntha pang'onopang'ono kupita kumanja, kumene anati kena kakuyankha. Namakutu anatsatira chalacho ndi maso. Anatembenuzira kumeneko khutu lamanja, kenaka lamanzere, anaika chikhatho kuseri kwa khutu, anasiya kupuma. Anamva njiwa. Anamva mtima wake. Bango linali duu, lonyowa, lodzaza ndi nyimbo imene inkamudutsa ngati madzi m'dengu.

Mphindi khumi zitakwana, Mabuleki anali atawerenga timbalame tinayi. Anafunsa ngati imeneyo inali nkhani yabwino.

"Ndi yabwino," anatero Namakutu. Anatsegula fomu, analemba 4, ndipo pa mzere wa dzina la womvetsera analemba la dalaivala.

Pobwerera anaima pa geti. Pamenepo Mabuleki anati iye akhoza kumatsika m'mawa uliwonse, kumamunong'oneza, iye n'kumalemba, palibe angadziwe. Namakutu anamuthokoza, n'kumufunsa kuti nanga ziro zitatu zija adzazinong'oneza ndani.

Bwana woyang'anira za chilengedwe anali mwamuna wa msinkhu wa mwana wa Namakutu, wowonda, wamagalasi, amene ankakhalira kukangana ndi mainjiniya n'kumagonja. Kukhoma kwa ofesi yake kunali mapu, mzere wofiira utadula pakati pa kachigawo kobiriwira. Namakutu anamuikira pa tebulo mapepala awiri, la nesi ndi fomu ya m'mawawo, n'kukhala pampando asanauzidwe. Bwanayo anawerenga, anavula magalasi, anawerenganso.

"Amayi, mukudziwa kuti mwandiuza nkhani ziwiri?"

"Ndikudziwa. Yambani ndi ya bango."

Bwanayo anadandaula kaye, monga munthu aliyense. Anati mabuludoza afika kale, anthu alembedwa kale, akuluakulu a kampani amudya wamoyo. Anati mawu a dalaivala sangaimitse paipi, pafunika umboni wogwirika. Kenaka anatsegula kabati, anasuntha mafayilo, n'kutulutsa kabokosi kojambulira mawu kamene kanagulidwa kalekale n'kuiwalika, poti aliyense ankati makutu a Namakutu amaposa makina. Madzulo a tsikulo anapita yekha kukakamangirira pa chikhomo.

Lachisanu masana bwana anaitanitsa Namakutu. Muofesi munali bwanayo, injiniya wamkulu wa paipi atapinda manja pachifuwa, ndi Mabuleki ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Injiniyayo anali atamva kale zojambulidwazo, ndipo nkhope yake inali ngati watafuna ndimu. Anati Lolemba mabuludoza sapita kudambo, paipi iyenera kujambulidwanso kuti izungulire, ndipo miyezi iwiri yapita m'madzi. Anafunsa Namakutu ngati tsopano wakondwa, popeza anawalalatira pamsonkhano kuti anathamangitsa mbalame zimene zinali pomwepo.

"Ndinalakwitsa pang'ono, bambo," anayankha. "Makina anu sanathamangitse mbalame. Anangondichotsa ine."

Injiniyayo anatuluka.

Bwana anayankhula za nkhani yachiwiri mosazungulira. Kuwerenga mbalame kwatha kwa iye, lamulo silingalole. Ku nazale ya mitengo kunkafunika munthu, ndipo adzamumenyera nkhondo kuti apite kumeneko, koma sangalonjeze. Namakutu anagwedeza mutu. Madzi akatayika saoleka. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti amulizire zimene kabokosi kanajambula.

Bwanayo anatembenuza kompyuta. Anati makinawo amasandutsa mawu kukhala chithunzi. Pansi pa chithunzicho panali chimtambo chakuda, kumene kunali kugunda kwa makina opopa gasi. Pamwamba penipeni, pamalo oyera, panali timizere titatu topendekeka, ngati mphaka wakanda galasi, kenaka mpata, kenaka titatu tina. Anadina batani. Kamzere koimirira kanayamba kuyenda kuchokera kumanzere. Katafika pa timizere tija, Mabuleki anapendeketsa mutu, bwana anamwetulira osadziwa. Namakutu anamva kulira kwa fani ya padenga.

Bwanayo anazindikira. Anati pali njira, akhoza kutsitsa mawuwo kuti akhale aakulu, olowa m'khutu lake. Anadinadina, analizanso. Ulendo uno Namakutu anamva ndithu: kulira kutatu kolemera, kokoka miyendo.

"Imeneyo ndi njiwa yachimfine, abwana. Bwezerani mmene kanalili."

Anabwezera. Namakutu anakokera mpando pafupi, anapukuta chala pa malaya, n'kuchiika pa galasi pansi pa timizere titatu toyambirira. Kamzere kanayenda, kanadutsa pa chala chake, kanapitirira.

"Bwerezani," anatero.