Mafupa Otsukidwa ndi Sopo

Mayi Mafupa atatsegula chipinda chosungiramo katundu, fungo la sopo linawalandira pakhomo. Amayi awiri osesa anali atagwada pa mabeseni, akukwecha ndi maburashi a waya, ndipo patebulo panali patayanikidwa mafupa ngati mbale.

"Mayo ine! Mukutani?"

"Atituma ndi abwana," anayankha wamkulu mwa awiriwo. "Akuti tichotse zolembalembazi alendo asanabwere Lachisanu."

Dzina loti Mayi Mafupa anawapatsa anzawo a pantchito. Zaka makumi atatu anazithera kukumba mafupa a zilombo zakalekale, aja anasanduka miyala, ndi kuwasamala m'nyumba yosungiramo zakaleyi. Fupa lililonse ankalipaka kadontho ka penti yoyera n'kulembapo nambala. Nambalayo inkalozera m'buku lawo: phiri komwe linakumbidwa, kuya kwake, ndi fupa lomwe linagona pambali pake. Popanda nambala, fupa ndi mwala basi. Lachisanu lomwelo linalinso tsiku lawo lomaliza, lopumira pantchito.

Abwana atsopano, amene antchito ankawatcha Chitayi, anachokera ku ofesi ina komwe palibe anawalira atachoka. Munthu wake sankatha kusiyanitsa nthiti ndi mpini wa khasu, koma kulamula kokha, eee! Lamulo lawo loyamba linali lakuti kapepala kalikonse ka m'magalasi oonetseramo zinthu kazitchula udindo wawo.

Mayi anawapeza akudziyang'ana pagalasi la zenera.

"Musakweze mawu, mayi. Ndakuthandizani," anatero Chitayi. "Zinthu zija zimaoneka ngati khoma la chimbudzi cha kusukulu. Pano zikuwala."

"Mafupa mazana awiri ndi khumi ndi anayi, bwana. Mwasakaniza zilombo zitatu m'beseni limodzi."

"Fupa ndi fupa. Angadziwe ndani?"

"Ine."

"Inu mukupita Lachisanu."

Mayi anawayang'ana kuyambira kunsapato zonyezimirazo mpaka kutsitsi lopaka mafutalo. Anatuluka.

Masiku atatu anakhala patebulo paja ndi buku lawo lakale lothimbirira ndi dothi. Ankatola fupa, kulipapasa ndi zala, kuliyerekeza ndi chithunzi chomwe anajambula okha ali mtsikana, n'kulibwezera nambala yake. Mafupa akuluakulu sanavute. Ovuta anali mano makumi awiri ndi anayi. Pakati pa manowo panali asanu a chilombo chomwe palibe munthu anachilembapo, omwe Mayi anawafunafuna zaka zisanu ndi chimodzi padzuwa. Umboni wake unali timizere ta m'mphepete mwa dzino, ndipo waya anali atatipala tonse psiti. Apa Mayi analira, osabisa.

Chitayi anasuzumira Lachinayi masana.

"Simunamalize? Ingolembani nambala iliyonse, inu. Alendo sawerenga."

"Zaka makumi atatu sindinanamizirepo fupa. Ndiyambe lero chifukwa cha inu?"

"Chabwino, koma zonse ziikidwe m'magalasi. Musaiwale lamulo langa lija."

"Sindiiwala, bwana."

Lachisanu m'mawa alendo anafika, akuluakulu a ku yunivesite ndi atolankhani. Chitayi anawachingamira atavala tayi yofiira, mano onse pamtunda, akulongosola za zilombo zomwe mayina ake anawaloweza usiku umodzi wokha n'kuwasokoneza onse.

Pafupi ndi khomo panali galasi latsopano. M'katimo munali mano makumi awiri ndi anayi, oyera mbee, atandandalikidwa pansalu yakuda. Pulofesa wina wa imvi anawerama, n'kuwerenga kapepala kake mokweza:

"Mano opanda kwawo. Mwini wake sadzadziwikanso. Anakwechedwa ndi sopo ndi burashi ya waya molamulidwa ndi Mkulu wa Nyumba Ino."

Mtolankhani wina anakweza kamera.

"Mkulu wa nyumba ino ndi uti?" anafunsa pulofesayo.

Chitayi anayamba kufunafuna china chake m'thumba la jekete.

"Ndi awo a tayi yofiira," anatero Mayi Mafupa. "Amakonda kuti ntchito yawo izidziwika."

Anaika makiyi pamwamba pa galasilo, n'kutenga chikwama chawo. Buku lakale lija anapatsira pulofesayo m'manja, osati abwana, kenako anatuluka osacheuka.